Kalata ya HMRC yoti munalandira tax credits yopyola: mugogode khomo liti, liti?

Pa 5 Epulo 2025 boma la United Kingdom linatseka ndondomeko ya tax credits, thandizo la ndalama kwa olera ana ndi ogwira ntchito a malipiro ochepa, koma ngongole zake zinatsala. Mpaka pano maenvelopu akhaki ochokera ku HMRC, bungwe la boma lotolera misonkho, akugwerabe pakhomo pa anthu ku Leeds, ku Nottingham, ku Glasgow ndi kwina, ndipo uthenga wake ndi umodzi: munalandira ndalama zopyola muyezo, bwezani. Ena kalatayo sayiona n'komwe. Amangozindikira kuti Universal Credit, thandizo lomwe linalowa m'malo mwa tax credits, ya mwezi uno yabwera yoperewera, akafunsa n'kuuzidwa kuti akudulidwa ngongole ya zaka zakale zomwe anaziiwala. Pakati pa anthu amenewa pali Amalawi ndi a ku Zambia amene akhalitsa m'dzikomo, omwe analera ana ndi thandizoli uku akugwira ntchito m'nyumba zosamalira okalamba, m'zipatala ndi m'mafakitale.

Ambiri amene amagonja pa nkhaniyi amakhala ali ndi mfundo ndithu, koma amagogoda khomo lolakwika, ndipo akamazindikira, masiku amakhala atatha. Ku HMRC kuli makomo atatu osiyana. Loyamba ndi la munthu amene akuti chigamulo chenichenicho n'cholakwika, ndalamazo zinali zake. Lachiwiri ndi la amene akuvomera kuti ndalama zinapyoladi, koma wolakwa sanali iye. Lachitatu ndi la amene sakutsutsa kanthu, koma alibe pogwira kuti abweze. Khomo lililonse lili ndi fomu yake, masiku ake ndi anthu ake, ndipo kalata yolira yoponyedwa pa khomo losayenera imangoyankhidwa mwaulemu kuti ngongole ikadalipo.

Mmene ngongoleyi imabadwira

Dzina lake limanamiza. Tax credits sinali kuchotseredwa msonkho, inali ndalama yolowa ku akaunti sabata iliyonse kapena masabata anayi alionse. Inayamba mu Epulo 2003, Gordon Brown ali nduna ya zachuma, ndipo inali ya mitundu iwiri: Working Tax Credit ya ogwira ntchito a malipiro ochepa, ndi Child Tax Credit ya olera ana. Chaka chake chinali chaka cha msonkho, kuyambira pa 6 Epulo mpaka pa 5 Epulo chaka chotsatira.

Vuto linali m'mapangidwe momwemo. Ndalama zimene munthu ankalandira m'kati mwa chaka zinali zongoyerekeza, zowerengedwa pa malipiro a chaka chathacho. Chiwerengero chenicheni chinkabwera chaka chitatha, munthu akatumiza mafomu otsimikizira, omwe m'zaka zambiri tsiku lake lomaliza linali 31 Julayi. Apo ndi pamene kusiyana kunkaonekera. M'chaka choyamba chokha, 2003 mpaka 2004, ndalama pafupifupi £2.2 biliyoni zinapita mopyola ku mabanja pafupifupi 1.9 miliyoni, ndipo mu 2005 ofesi ya Ombudsman wa nyumba ya malamulo inadzudzula mmene ngongolezo zinkatoleredwa. Choncho kukhala ndi ngongole ya mtunduwu si chizindikiro choti munthu anaba. Ndondomekoyo inkabala ngongole yokha, ngakhale aliyense atachita zoyenera.

Pofuna kuchepetsa zimenezi, boma linaika gawo la malipiro okwera lomwe silinkawerengedwa. Gawoli lasinthasintha, ndipo mukamafufuza ngongole yakale muyenera kudziwa kuti ndi ya chaka chiti: linali £2,500 poyamba, linakwera kufika £25,000 mu 2006, linatsika kufika £10,000 mu 2011, £5,000 mu 2013, n'kubwerera pa £2,500 mu 2016. Tiyerekeze banja lomwe linkalandira mitundu yonse iwiri, malipiro ake n'kukwera kuchoka pa £18,000 kufika pa £24,000 m'chaka cha 2022 mpaka 2023 chifukwa cha maovataimu. Kukwerako ndi £6,000. Mukachotsapo £2,500 patsala £3,500, ndipo pa paundi iliyonse ya zimenezi thandizo linkatsika ndi mapeni 41. Ngongole yake ndi £1,435. Ngati banjalo linadikira mpaka Julayi osanena kanthu, palinso ina yowonjezera, chifukwa kuyambira Epulo mpaka Julayi linkalipidwabe ngati kuti likupeza £18,000.

Pali ngongole zina ziwiri zomwe zimabwera popanda kusintha kulikonse m'nyumba. Munthu akaphonya tsiku la 31 Julayi, ndalama zonse zomwe analandira kuyambira pa 6 Epulo zinkasanduka ngongole, pokhapokha atalumikizana ndi a HMRC m'masiku 30 a kalata yomudziwitsa kapena atapereka chifukwa chomveka pasanafike pa 31 Januwale. Inayo ndi ya kusamukira ku Universal Credit pakati pa chaka: a HMRC ankatenga malipiro a miyezi yochepa yomwe yadutsayo n'kuwatambasula ngati a chaka chonse. Munthu amene analandira bonasi kapena malipiro a masabata asanu m'nyengo yaifupiyo ankaoneka ngati wopeza bwino kuposa mmene alili.

Kulembetsa molakwika

Ngongole zikuluzikulu, za mapaundi masauzande ambiri, kawirikawiri sizichokera ku malipiro. Zimachokera ku funso limodzi: kodi munalembetsa ngati munthu mmodzi kapena ngati banja? Lamulo linkati okwatirana alembetse pamodzi, pokhapokha atasiyana ndi chilolezo cha khoti kapena atasiyana m'njira yooneka kuti sadzabwererana. Osakwatirana koma okhalira limodzi ngati mwamuna ndi mkazi nawonso ankayenera kulembetsa pamodzi. Tsiku limene bambo analowa m'nyumba, kulembetsa kwa mayi payekha kunkatha pomwepo mwalamulo, kaya iye akudziwa kaya ayi. Ndalama iliyonse yolowa pambuyo pa tsikulo inkawerengedwa yopyola, yonse yathunthu, ngakhale bamboyo anali wosagwira ntchito. N'chimodzimodzinso banja likatha koma ndalama n'kumabwerabe pa dzina la onse awiri.

Kwa ife anthu obwera, pali misampha ingapo imene mzungu wobadwira komweko sakumana nayo kawirikawiri.

Woyamba ndi wa adiresi. N'chizolowezi chathu kulola mlamu, msuweni, mnzathu wa ku tchalitchi kapena bambo wa ana amene tinasiyana naye kugwiritsa ntchito adiresi yathu polandira makalata a ku banki, a inshuwalansi ya galimoto kapena a foni. Kwathu n'kuthandizana. Kwa a HMRC, amene ankayang'ana m'mabuku a makampani osunga mbiri ya ngongole za anthu, dzina la mwamuna pa adiresi ya mayi wolembetsa payekha linali chizindikiro cha bwenzi lobisika. Pakati pa 2014 ndi 2016 ntchito yofufuzayi inapatsidwa kwa kampani ya Concentrix, ndipo anthu ambiri anaimitsiridwa ndalama pa umboni wofooka mpaka mgwirizanowo unathetsedwa nthawi yake isanakwane mu Novembala 2016. Dzina pa envelopu si umboni woti anthu akukhala ngati banja, ndipo makhoti a apilo akhala akufuna zoposa pamenepo.

Wachiwiri ndi wa maulendo. Munthu ankaloledwa kukhala kunja kwa United Kingdom kwa masabata 8 thandizo lake likupitirira, kapena masabata 12 ngati ulendowo unali wa matenda kapena maliro a wachibale wapafupi. Amene anapita ku Mzimba kukaika mayi, n'kutsalira kudikira zokambirana za katundu mpaka miyezi inayi, anabwerera atadutsa malire. Ngati anali m'banja, wotsalayo ankayenera kulembetsa payekha. Ndi ochepa ankadziwa zimenezi. Chimodzimodzinso amene ankalembetsa payekha mkazi ali ku Blantyre: tsiku limene mkaziyo anatsika ndege kudzakhazikika, zinthu zinasintha.

Wachitatu ndi ndalama za kumudzi. Lendi ya nyumba ya ku Area 25 kapena ku Chilomoni inkawerengedwa ngati ndalama zochokera kunja, ngakhale itathera konko pa fizi ya ana a achimwene. Pa ndalama za mtunduwu, pamodzi ndi chiwongoladzanja cha ku banki ndi penshoni, £300 yoyamba yokha ndiyo sinkawerengedwa.

Palinso nkhani ya mapepala okhalira m'dziko. Tax credits inali m'gulu la ndalama zimene munthu wa viza yolembedwa kuti no recourse to public funds sankaloledwa kulandira. Komabe lamulo linkalola banja kulembetsa pamodzi ngati mmodzi mwa awiriwo analibe chiletsocho. Ngati ngongole yanu yachokera pa mfundo imeneyi, musayankhe kalata musanaonane ndi loya kapena mlangizi wa za anthu olowa m'dziko wovomerezeka ndi Immigration Advice Authority, chifukwa zimene mungalembe ku HMRC zingakhudze mapepala anu.

Zotsalazo n'zodziwika: maola a ntchito kutsika pansi pa 16, 24 kapena 30 malinga ndi mtundu wa banja, mwana kusiya sukulu pambuyo pa 31 Ogasiti wotsatira tsiku lomwe anakwanitsa zaka 16, kapena kupita ku yunivesite, mtengo wa kosiya ana kutsika ndi £10 kapena kuposerapo pa sabata kwa masabata anayi otsatizana, kapena kusiya ana kwa munthu wosalembetsedwa ku Ofsted (bungwe loyang'anira sukulu ndi osamalira ana ku England), ngakhale akhale azakhali odalirika chotani. Zonsezi zinkayenera kunenedwa pasanathe mwezi umodzi. Kuchedwa kunkatha kubweretsa chindapusa chofika £300, ndipo kupereka uthenga wabodza mwadala kapena mosasamala chofika £3,000.

Khomo loyamba: chigamulo n'cholakwika

Musanalembe chilichonse, pezani chaka ndi chifukwa cha ngongoleyo. Kalata yofuna ndalama, ya nambala TC610, imangotchula chiwerengero. Chifukwa chake chili m'makalata a chigamulo, a nambala TC602, makamaka yomaliza ya chaka chimenecho. Yerekezani malipiro olembedwamo ndi P60 yanu (pepala la kwa abwana losonyeza malipiro a chaka chonse), onani chiwerengero cha ana, maola a ntchito, ndi tsiku limene akuti zinthu zinasintha. Muonenso ngati ndalama zomwe munkaika nokha ku penshoni ndi zopereka za ku tchalitchi za Gift Aid zinachotsedwa pa malipiro, chifukwa zinkayenera kutero ndipo ambiri sankazitchula. Ngati simukumvetsa, lembani kupempha kuti akufotokozereni chaka ndi chaka mmene ngongoleyo yafikira pamenepo.

Mukapeza kuti mfundo zimene a HMRC anagwiritsa ntchito si zoona, mwachitsanzo akuti munkakhala ndi mwamuna pamene simunkakhala naye, khomo lanu ndi loyambali. Mumapempha kuti chigamulo chionedwenso, chimene iwo amachitcha mandatory reconsideration, pa fomu ya WTC/AP kapena m'kalata wamba. Muli ndi masiku 30 kuchokera pa tsiku lolembedwa pa kalata ya chigamulo, osati tsiku limene inakupezani. Pempho lochedwa lingalandiridwe mpaka miyezi 13 ngati pali chifukwa chomveka, ndipo chifukwacho muchilembe pamwamba penipeni pa kalata. Akakana, apilo imapita ku bwalo la First-tier Tribunal pa fomu ya SSCS5 pasanathe mwezi umodzi. Ku Northern Ireland kuli bwalo lakelake. Mu 2024 khoti lalikulu la apilo, Court of Appeal, linagamula kuti lamulo lokakamiza anthu a tax credits kudzera kaye ku mandatory reconsideration asanapite ku bwalo linaikidwa mosatsata malamulo, zomwe zikutanthauza kuti a HMRC akakana kumva pempho lochedwa, njira ya ku bwalo siinatsekeke.

Khomo ili lili ndi maubwino awiri amene lachiwiri lilibe. Kutolera ngongole kumaimitsidwa nkhani ikadali m'kati. Ndipo woweruza wa ku bwalo si wantchito wa HMRC. Kukaonekera n'kwaulere, womasulira Chichewa mungamupemphe pa fomu pomwepo popanda kulipira, ndipo ndi bwino kusankha kukayankhula nokha, kaya pamaso, pa foni kapena pa kanema, kusiyana ndi kusiya kuti aweruze pa mapepala okha. Nkhani ya ngati anthu ankakhala ngati banja imaweruzidwa pomva mmene moyo unkayendera: ndani ankagona kuti, ndani ankagula chakudya, anansi ndi a ku sukulu ya ana ankakuonani bwanji.

Umboni wothandiza pamenepa ndi wotopetsa kusonkhanitsa koma si wovuta. Pangano la lendi lokhala ndi dzina lanu lokha, kalata ya khonsolo yosonyeza kuti munkachotseredwa 25 peresenti ya council tax (msonkho wa khonsolo) monga wokhala nokha, masitetimenti a ku banki osonyeza kuti mabilu munkalipira nokha, ndipo koposa zonse, chilichonse chosonyeza kumene munthu winayo ankagona: lendi yake, kalata ya abwana ake, adiresi yake ya kwa dokotala. Ngati ankangogona pa mipando ya anzake, kalata zochokera kwa anzakewo zimathandiza. Fotokozaninso poyera chifukwa chimene makalata ake ankafikira kwanu. Kubisa zimenezo kumawononga nkhani yabwino.

Khomo lachiwiri: ndalama zinapyoladi, koma si ine

Ili ndi limene a HMRC amalitcha dispute, ndipo fomu yake ndi TC846. Pano simukutsutsa chiwerengero. Mukupempha kuti asakulipiritseni chifukwa iwo ndiwo analephera udindo wawo. Lamulo limawapatsa mphamvu yotolera ndalama iliyonse yopyola, kaya inapyola chifukwa cha ndani, choncho kukhululuka kuli m'manja mwawo, ndipo palibe apilo ya ku bwalo pa yankho lawo. Chimene chimawamanga ndi ndondomeko yawo yomwe, ya nambala COP26, imene kuyambira 2008 imayeza mbali zonse ziwiri pa sikelo ya maudindo.

Udindo wawo ndi kupereka malangizo olondola pa zimene mwawauza, kulemba molondola uthenga wanu, kuusonyeza pa kalata ya TC602, kukonza cholakwika mukawauza, ndi kuchitapo kanthu pasanathe masiku 30 mukanena za kusintha. Wanu ndi kupereka uthenga woona ndi wokwanira, kunena zosintha, kuwerenga kalata iliyonse ya TC602 n'kunena cholakwika pasanathe masiku 30, ndi kuonetsetsa kuti ndalama zolowa ku banki zikufanana ndi zolembedwa m'kalatamo. Inu mukakwaniritsa zanu iwo n'kulephera zawo, ngongole imafafanizidwa. Nonse mukalephera, angafafanize gawo. Inu nokha mukalephera, mumabweza.

Ambiri amagwera pa udindo wowerenga makalata uja. Munthu anaimbadi foni mu Okutobala kunena kuti mwana wasiya koleji, wa pa foni sanalembe, ndipo kalata yotsatira inabwera mwanayo akuwerengedwabe. Kalatayo inaponyedwa m'dirowa yosatsegulidwa. A HMRC adzavomera kuti analakwa, kenako n'kufunsa chifukwa chimene simunawauzire mutaona kalata. Kunena zoona, sikeloyi imapendekera kwa iwo, chifukwa makalata amenewa anali a masamba ambiri ndi manambala osamveka ngakhale kwa alangizi. Koma ndiyo sikelo imene ilipo, ndipo kalata yopambana ndi imene yalembedwa moitsata. Lembani masiku motsatana: pa tsiku lakuti ndinaimba pa nambala yakuti, ndinanena chakuti, ndinauzidwa chakuti, pa tsiku lakuti kalata inabwera, inali ndi cholakwika chakuti, ndinaimbanso pa tsiku lakuti. Kenako tchulani udindo weniweni wa mu COP26 umene iwo anaphwanya. Ngati panali chokulepheretsani kuchita zanu, monga kugonekedwa m'chipatala, matenda a maganizo, imfa m'banja kapena nkhanza za m'nyumba, chinenedwe ndi umboni wake, chifukwa ndondomekoyo imalola kuganizira zochitika zapadera. Umphawi wokha si mfundo ya pano. Uli ndi khomo lake.

Nthawi ya dispute ndi miyezi itatu, kuwerengera pa kalata yomaliza ya chaka chomwe ngongole inachokera, kapena pa yankho la mandatory reconsideration kapena la bwalo ngati munadzera kumeneko. Kutolera sikuima pamene akuiona. Akakana, mungapemphe kuti aionenso kamodzi kokha, m'masiku 30, ndipo amafuna uthenga watsopano osati kubwereza zomwezo.

Ngati simukudziwa khomo lanu, yambani ndi loyamba chifukwa masiku ake ndi ochepa ndipo limaimitsa kutolera, n'kutumizanso TC846 yonena kuti ngakhale chigamulo chitapezeka cholondola, mukutsutsa kubweza. Palibe choletsa kuchita zonse ziwiri.

Umboni wa mafoni uli kwa iwo omwe. Pansi pa lamulo loteteza uthenga wa anthu, Data Protection Act 2018, mungatumize subject access request kupempha zonse zimene akusunga za inu: zolemba za pa kompyuta za foni iliyonse, mawu ojambulidwa ngati akadalipo, ndi makope a makalata onse ndi maadiresi omwe anatumizidwako. N'zaulere ndipo amayenera kuyankha pasanathe mwezi. Musadikire yankholo kuti mutumize fomu. Tumizani pa nthawi yake n'kulemba kuti umboni wina ukubwera. Mndandanda wa maadiresi ndi wofunika kwambiri kwa amene anasamuka, chifukwa ukasonyeza kuti kalata yomaliza inapita ku nyumba yakale mutawauza kale za kusamuka, muli ndi poyambira kupempha kuti amve nkhani yochedwa.

Mawu awiri amene amachepetsa ngongole ya olembetsa molakwika

Tsopano tibwerere kwa mayi amene analembetsa payekha pamene bambo anali atalowa kale m'nyumba, ndipo sakukana. Apilo sidzamuthandiza, chifukwa chigamulo n'cholondola. Dispute nayo sidzapita patali, chifukwa amene sananene za kusintha ndi iye. Ambiri amathera apa n'kuvomera ngongole yonse. Komatu pali njira ina imene a HMRC akhala nayo kuyambira Januwale 2010, yotchedwa notional offsetting kapena notional entitlement.

Mfundo yake ndi yosavuta. Ngati munthu analembetsa m'njira yolakwika, koma akanalembetsa moyenera akanalandirabe kenakake, boma silinataye ndalama zonsezo. Linataya kusiyana kokha. Tiyerekeze kuti mayiyo analandira £6,000 m'miyezi isanu ndi itatu imene ankayenera kukhala atalembetsa ndi bamboyo, ndipo akanalembetsa pamodzi akanalandira £4,200. Ngongole yeniyeni ndi £1,800. Ngati bamboyo sankagwira ntchito, ikhoza kutheratu. Zimagwiranso kumbali inayo, kwa amene anapitiriza kulandira pa dzina la banja atasiyana kale.

Musayembekezere kuti achita okha. Ipempheni m'kalata, poitchula dzina lake lachingerezilo, ndipo ikani tsiku lenileni limene munayamba kukhalira limodzi kapena kusiyana, malipiro a munthu winayo a zaka zokhudzidwazo, ndi chifukwa chimene simunanenere msanga. Njirayi inapangidwira olakwitsa ndi ochedwa. Amene a HMRC akuwaona kuti ananama mwadala amakumana ndi zovuta. N'chifukwa chake mawu amene mumasankha pofotokoza ndi ofunika. Kunena kuti “ndinkadziwa koma ndinkaopa kuti ndalama zitsika” ndi kuvomera mlandu. Ngati zoona zake n'zoti ubwenziwo unali wa lero alipo mawa palibe, ndipo simunkadziwa tsiku limene lamulo lingautche banja, nenani zimenezo mwatsatanetsatane.

Za mabanja amene anatha palinso china. Ngongole ya kulembetsa pamodzi ndi ya onse awiri, ndipo mwalamulo a HMRC angaitolere yonse kwa mmodzi. Koma ndondomeko yawo ndi yofunsa aliyense theka, pokhapokha awiriwo atagwirizana zina. Mukapeza kuti akukudulani yonse pamene mnzanu wakale ali phee, funsani kuti agawe. Pangano la kwa ankhoswe loti bambo ndiye adzalipira silimanga a HMRC ngati iwo sanauzidwe n'kuvomera.

Ngongole ikasamukira ku DWP

Amene anapita ku Universal Credit analandira kalata ya TC1131 yonena kuti ngongole yaperekedwa ku Department for Work and Pensions (DWP), unduna woyendetsa Universal Credit, kapena ku Department for Communities kwa a ku Northern Ireland. Apa m'pamene anthu amazunguzika. Odula ndalama ndi a DWP Debt Management, koma iwo sadziwa chifukwa cha ngongoleyo ndipo alibe mphamvu yoisintha. Zonse za makomo awiri oyamba aja zimapitabe ku HMRC. Kwa a DWP mumapita ndi nkhani imodzi yokha: kuchuluka kwa zimene akudula.

Malire a zodula zonse pa gawo lalikulu la Universal Credit anali 40 peresenti, anatsika kufika 30 mu 2019, 25 mu 2021, ndipo kuyambira Epulo 2025 ndi 15 peresenti. Ngati ngakhale zimenezo zikukusiyani opanda chakudya kapena magetsi, imbani ndi bajeti ya pa mwezi m'manja: lendi, council tax, gasi, chakudya, mayendedwe, zonse m'manambala. Angatsitse kapena kuimitsa kwa kanthawi. Kwa amene sali pa thandizo lililonse, a DWP angalamule abwana anu kudula pa malipiro popanda kudzera ku khoti, ndiye ndi bwino kugwirizana nawo za kulipira pang'onopang'ono kalata isanafike ku ofesi ya malipiro ya ku ntchito kwanu. Ngongole imene ikadali ku HMRC ingagawidwe pa miyezi 12 mosavuta, ndipo mpaka zaka khumi mukasonyeza ndalama zolowa ndi zotuluka. Pa umphawi wadzaoneni kapena matenda aakulu a maganizo, amatha kuikhululukiratu, ngakhale sizichitikachitika.

M'magulu a WhatsApp mumayenda mawu oti ngongole ikadutsa zaka zisanu ndi chimodzi yafa. Lamulo la Limitation Act 1980 ku England ndi Wales limakhudza kukusumirani ku khoti, koma sililetsa kudula pa Universal Credit. Anthu akudulidwa lero ngongole za zaka zoposa khumi zapitazo.

Kwa ambiri amene akulandira makalata panopa, masiku 30 ndi miyezi itatu zinadutsa kalekale. Zotsala ndi izi. Ngati chigamulo chinalakwika chifukwa cha kulakwitsa kwa ofesi, inu osathandizirako, lamulo la official error limalola kuchikonza m'zaka zisanu. Notional offsetting ingapemphedwebe. Ndipo pali njira ya madandaulo, yomwe imayang'ana mmene anakuchitirani: kuchedwa, malangizo olakwika, makalata osayankhidwa, kukana kumva dispute yochedwa pamene panali chifukwa. Dandaulo limadutsa magawo awiri m'kati mwa HMRC, kenako ku Adjudicator's Office, ofesi yapadera younika madandaulo okhudza HMRC, pasanathe miyezi isanu ndi umodzi kuchokera pa yankho lachiwiri, kenako kwa Parliamentary and Health Service Ombudsman. Phungu wa dera lanu ndi wofunika pa gawo lomalizali, koma palibe chifukwa chodikira mpaka pamenepo. Kalata yochokera ku ofesi ya phungu imawerengedwa ndi anthu ena ku HMRC, ndipo simufunika kukhala nzika kuti akuthandizeni, bola mukukhala m'dera lake.

Thandizo laulere lilipo ku Citizens Advice ndi ku ma law centre, ndipo bungwe la Low Incomes Tax Reform Group lili ndi malangizo atsatanetsatane pa intaneti. Ngati ngongoleyi ndi imodzi mwa zambiri, mabungwe othandiza a ngongole a StepChange ndi National Debtline angakulowetseni mu Breathing Space, yomwe imapereka masiku 60 opumira ku England ndi Wales, kapena kuona ngati Debt Relief Order, njira yofafanizira ngongole za osowa pogwira, ikukuyenerani, popeza ngongole ya tax credits imalowamo ngati sinachokere ku chinyengo. Popita kwa mlangizi tengani makalata onse a TC602 a chaka chokhudzidwacho ndi chaka cha m'mbuyo mwake, ma P60, pasipoti yokhala ndi zidindo za maulendo, ndi envelopu imene kalata yomaliza inabweramo. Chilichonse chopita ku HMRC chikhale ndi nambala yanu ya National Insurance pa tsamba lililonse, mutumize makope osati mapepala enieni, ndipo ku positi ofesi mupemphe lisiti ya proof of posting, yomwe ndi yaulere.